Achemwali, kopelo lisatuluke m'nyumba

Achemwali, za kupereka kwa munthu wina kope la nkhani imene mukulembayo, musayerekeze. Nkhani isanathe musapatse munthu, ngakhale akulonjezeni kuti akakutaipirani ndi kukukonzerani. Ndikulemba pano mtima ukugunda ngati zachitika dzulo.

Ine ndimalemba pamanja, mbandakucha, ndisanapite kudimba la mbatata. Kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, mu Juni zala zimachita kuuma ndi chisanu, koma ndi nthawi yokhayo ana asanadzuke. Sindiyamba ndi kuyala mitu ayi, ndimayamba ndikamva liwu la munthu m'khutu. Nkhani yangayi inachokera pakamwa pa agogo, mmene anathawira ku Domwe kupita ku Dedza mu 1986, mbuzi imodzi pachingwe, n'kubwerako nkhondo itatha mu 1992 kudzapeza pabwalo pamera tchire. Zaka ziwiri, makope atatu, mathero ndisanawadziwe.

Ndiye kunabwera bambo wina wa ku Tete wodzitcha mkonzi, pakamwa potsekemera. Ati bweretsani, kompyuta ndili nayo. Ndinapereka onse atatu, ndi 1,500 meticais ya mapepala ndi inki. Miyezi isanu foni osayankha. Mu Novembala ndinakwera chapa (minibasi), kudutsa Mussacama, Moatize, mpaka Matundo, dzuwa lija la ku Tete loti phula limamata kunsapato. Ndinawapeza akupuma pansi pa mtengo wa masau, osadzuka n'komwe.

Kope loyamba linali psuu ndi bolopeni yofiira. Paliponse pamene ndinalemba "ch" afafaniza "h", ati kuno ku Mozambique timalemba Cinyanja. Izo ndikanamva. Koma pamene agogo akulankhula, alemba m'mbali kuti ikani m'Chipwitikizi, ophunzira sawerenga zachimudzi. Lachiwiri ati sakuliona. Lachitatu ndinakalipeza ndekha pakhonde, latsala chikuto ndi masamba asanu ndi limodzi. Enawo ankakulungira kapenta wogulitsa. Tsamba lomwe agogo akuwoloka malire usiku, atatseka mwana pakamwa ndi nsonga ya chitenje kuti asalire, ndinalitola pansi pa beseni, likununkha nsomba, inki itasungunuka theka. Ndinaima nalo m'manja, miyendo ikunjenjemera, kukhosi gwa.

Mukudziwa zomwe ananena? Ati ndi nthano chabe, mulembanso. Chabe! Munthu woti sanagonepo ndi chiganizo chimodzi m'mutu usiku wonse. Ndalama sanabweze, pepani sanatchule, ndipo mpaka lero akuyendabe m'magulu a anthu olemba nkhani kuitanitsa zolemba za ana a eni. Agogo anali atamwalira kale, ndikanakafunsanso ndani? Ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri osagwira bolopeni.

Komabe musalembe muli nokhanokha, mudzasochera. Pezani munthu mmodzi muzimuwerengera mokweza mutu uliwonse mukangoumaliza, kope lili m'manja mwanu. Ine ndimawerengera alamu anga madzulo tikutong'ola chimanga. Pomwe ayasamula ndimadula, pomwe asiya chitsononkho n'kundiyang'ana ndimadziwa kuti pagwira. Tsamba lililonse lijambuleni pafoni tsiku lomwelo, mutumizire mbale wanu pa WhatsApp, foni ikhoza kugwera m'madzi. Ndipo za "c" ndi "ch" musankhe imodzi musanapite patali, kukonza makope atatu n'chintchito.

Panopa ndayambiranso, ndili pamutu wa 9. Za usiku wa pamalire uja ndalembapo kanayi, sizikumvekabe ngati mmene agogo ananenera.