Yankho kwa amene mwafunsa ngati kudula mitengo ndi tchimo

Achimwene, mwafunsa ngati kutha kwa mitengo ndi nkhani ya kutchalitchi kapena ya a zankhalango okha. Ena akuyankhani kuti mvula ikuvuta chifukwa tili m'masiku otsiriza, ndiye palibe chochita. Yankho limenelo landiwawa, n'chifukwa chake ndalemba.

Tayendani pamsewu kuchokera pa Chinkhoma kulowera pa boma la Kasungu. Mukaona katchire kowirira ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda, amenewo ndi manda. Palibe mlonda wamfuti, palibe waya. Koma munthu salowamo ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha amfumu, ngakhale nkhuni zitasowa bwanji. Tsono tisanene kuti Achewa sitidziwa kusunga nkhalango. Timadziwa, pamene malowo tawapatsa ulemu. Mitengo ya kwina konseku tinaichotsera ulemuwo, n'kuisandutsa milimo ya zigafa, nkhuni za m'mabani a fodya ndi matumba a makala.

Pa Genesis 2:15 munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndiponso auyang'anire. Ife tinangogwira kulimako. Papa Francis mu 2015 analemba kalata ya Laudato Si' kunena kuti kulira kwa dziko ndi kulira kwa osauka n'kumodzi. Kuno timaziona ndi maso: dambo likauma, amene amadzuka usikusiku kukadikira madzi pa mjigo ndi mayi wa kumudzi. Masuku, bowa ndi matondo zomwe tinakulira, ana athu akuchita kugula.

Koma chonde tisathamangire kuloza chala mnyamata wokankha njinga ya makala. Ambiri ndi njala. Mlandu waukulu uli ndi ife ogula m'tauni, ndi eni maesiteti amene anagwetsa mitengo ya mibadwomibadwo osabwezeretsa. Ndimaganiziranso abale athu okhala m'mphepete mwa Kasungu National Park. Chibweretsereni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, ena minda yawo yatha, ena ataya miyoyo. Munthu wotere simungamulalikire za chilengedwe musanamve kulira kwake.

Kwathu tinakambirana ndi amfumu ndi akuluampingo kuti zitsa za m'munda zikaphukira tisamazitenthenso, tizingopatulira nthambi. Mitengo ya mtondo ndi msuku ikubwerera yokha, osagula mbande. Nyengo yodzala ikayamba pa 15 December, funsani abusa anu malo kuseri kwa tchalitchi.