Yankho kwa a Malume: 152 ya pawotchi ija si BP

Mwaswera bwanji a Malume? Kuno taswera bwino, ana nawonso ali bwino. Pepani ndayankha mochedwa. Uthenga wanu ndinauona masana ndili kuntchito, ndiye ndinati nkhani iyi si yolemba mizere iwiri ayi, ndifike kaye kunyumba ndiyankhule bwinobwino. Enanu pagulupu pano mundipirire, itenga kanthawi.

Mwati dzulo munatuluka kukathamanga ndi anzanu a ku Area 25 kuja, wotchi imene asuweni anakutumizirani kuchokera ku Johannesburg ija n'kufika pa 152, n'kuyamba kunjenjemera pamkono. Ndiye mukufunsa kuti kodi BP yakwera, musiye kapena mupitirize.

Choyamba mtima ukhale pansi, a Malume. Nambala imeneyo si BP. Chimatisokoneza n'chakuti BP timaitchula kuti kuthamanga kwa magazi, ndiye munthu ukaona nambala ikukwera pamene ukuthamanga umangoti basi ndi yomweyo. Ayi. BP ndi mphamvu imene magazi akukankhira m'mitsempha, imabwera manambala awiri, monga 130/80, ndipo amayeza ndi kachipangizo kofinya mkono kaja. Ya pawotchiyo ndi kuchuluka kwa maulendo amene mtima wagunda pa mphindi imodzi. Munthu wamkulu atangokhala phee, umagunda pakati pa 60 ndi 100. Mukayamba kuyenda umakwera, ndipo uyenera kukwera, chifukwa minofu ikufuna mpweya wambiri, mtima ndiye mpope wake.

Koma 152 kwa inu yachuluka. Tiwerengere limodzi. Pali kasamu kophweka kamene anthu ambiri amagwiritsa ntchito: 220 kuchotsapo zaka zanu. Inu mwakwanitsa 60, ndiye yatsala 160. Imeneyo ndiyo nsonga, pamene mtima wanu ungafike mutaupanikiza mpaka mapeto. Tsono 152 pa 160 ndi 95 peresenti. Munali pafupi kwambiri ndi denga, tsiku loyamba, mutatha zaka mukukhala pampando wa mu ofesi. N'chifukwa chake anti analemba kuti munafika pakhomo muli wefuwefu, osatha ndi kupereka moni komwe.

Kasamu kameneka si kolondola ndendende. Anthu awiri obadwa chaka chimodzi nsonga yawo ikhoza kusiyana ndi 10 kapena kuposerapo. Palinso kena kamene ofufuza anatulutsa mu 2001, koti 208 kuchotsapo zaka zanu mutazichulukitsa ndi 0.7, kameneko kakupatsani 166. Mwaona, sizikutalikirana kwenikweni. Tingogwira 160 ngati poyambira.

Pamene ndikufuna muzikhala inuyo ndi pa 60 mpaka 70 peresenti ya nsongayo, kutanthauza 96 mpaka 112. Pachitunda ikakwera kufika 120 si mlandu, mungochepetsa liwiro ibwerere. Wotchi yanuyo mukaitsegula muona yagawa magawo asanu a mitundu yosiyanasiyana, amalemba kuti zone. Gawo lachiwirilo ndiye kwanu kwa miyezi iwiri yoyambayi. Manambala ake akhoza kusiyana pang'ono ndi anga, chifukwa mawotchi ena amawerengera pamodzi ndi kagundidwe ka mtima mukamapuma, njira imene anayambitsa dokotala wa ku Finland, Martti Karvonen, mu 1957. Zimenezo zisakudetseni nkhawa.

Ndikudziwa chimene munene. Munena kuti pa 110 ndiye ndikungoyenda, si masewero amenewo. Eya, n'kuyenda kumene, kuyenda ndawala, ngati munthu amene waona minibasi ikudzaza pasiteji koma sakufuna kuthamanga. Kumeneko n'kokwanira.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine. Zaka zitatu zapitazo, nditayamba, ndinkapita m'mawa kuzungulira kunja kwa Bingu Stadium, popeza kwathu ku Area 49 kuno ndi pafupi. Kumeneko mumapeza anyamata ampira, asilikali, ena othamanga mipikisano, onse akungodutsa ngati mphepo. Ndinkachita manyazi kuyenda, ndiye ndinkawatsatira. Wotchi inkaonetsa 175, 180, ine n'kumati ndiye ntchito ikugwirika imeneyi. Pofika kuntchito mutu ukuwawa, tulo tokhatokha, miyendo ngati andimenya ndi zibonga. Sabata yachitatu bondo linatupa, ndinasiya miyezi inayi yathunthu. Pobwerera ndinayamba n'kuyenda basi, mtima osaulola kupyola 135, ndipo zinkandipweteka mumtima kuona amayi achikulire akundipitirira. Koma patatha miyezi iwiri, njira yomweyo, nthawi yomweyo, mtima unayamba kugunda mocheperapo. Kenako ndinapezeka ndikuthamanga pang'onopang'ono pa nambala yomwe ija imene kale ndinkangoyendera. Paja amati kuthamanga sikufika, ine ndinaziona ndi bondo langa.

Chimene chimachitika n'chakuti mtima ndi mnofu. Mukamaugwiritsa ntchito mofatsa koma kawirikawiri, umazolowera kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, ndiye sufunikanso kugunda kambirimbiri kuti ugwire ntchito yomweyo. M'minofu ya miyendo namonso timitsempha ting'onoting'ono timachuluka. Zimenezi zimafuna masabata, ndipo zimachitika ngati simukuphonya masiku. Munthu amene wadzipanikiza Lolemba n'kugona mpaka Lachisanu sapindula ngati amene wayenda mofatsa masiku anayi.

Tsopano nkhani ya mankhwala, ndipo apa mumvetsere bwino, chonde. Ndikudziwa kuti mumamwa mankhwala a BP. Tengani kapaketiko muwerenge dzina. Ngati palembedwa atenolol kapena propranolol, zonse ndawerengera zija muzisiye kaye. Mankhwala amtundu umenewo ntchito yake ina ndi kuchepetsa kugunda kwa mtima, ndiye mukhoza kukhala mutatopa zedi, thukuta kamukamu, wotchi ikuonetsa 100 yokha, inu n'kumawonjezera liwiro kuti mufike pa nambala imene mtima wanu sungafikepo. N'zoopsa zimenezo. Ngati ndi amlodipine kapena HCT, amenewo sachepetsa kugunda chotero, koma HCT amakodzetsa, ndiye madzi muzimwa okwanira. Musasiye kapena kudumpha mankhwala chifukwa chakuti mwayamba masewero. Ndipo musanapitirize, pitani kukiliniki kumene mumatengera mankhwala kuja, akuyezeni BP ndi shuga, muwauze kuti ndikufuna kuyamba kuyenda ndawala, mwina mtsogolo kuthamanga. Ine sindine dokotala, amene ali ndi kabuku kanu ka kuchipatala ndi iwowo. Tsiku limene BP yapezeka pa 180/110 kapena kupyola apo, limenelo si la masewero, ndi lokaonana ndi achipatala.

Pali njira ina yodziwira, yosafuna wotchi, ndipo ine ndimaikhulupirira kwambiri. Inu ndinu a kwaya, muimvetsa msanga. Mukamayenda, yesani kuyankhula. Ngati mukutha kucheza ndi mnzanu, ziganizo zathunthu, koma kuyimba kukukanika chifukwa mpweya sukufika, ndiye muli pabwino penipeni. Ngati mukutha kuyimba vesi yonse bwinobwino ndi besi yanu ija, onjezerani liwiro pang'ono. Koma ngati mukungotulutsa mawu awiri atatu n'kupuma, mwapyola, bwererani. Njira imeneyi imagwira ntchito ngakhale kwa amene akumwa atenolol.

Wotchiyonso nthawi zina imanama. Mukaitembenuza muona kakuwala kobiriwira kumunsi kwake, kumeneko kumawunikira pakhungu n'kumawerenga mmene magazi akudutsira. Ikakhala yokhwepa, ikamagwedezeka, imasokonezeka, nthawi zina mpaka imayamba kuwerenga mapazi anu m'malo mwa mtima. Muimange yogwira bwino koma yosafinya, pamwamba pang'ono pa kafupa kotuluka pamkono kaja, mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri. Ikakuonetsani nambala yodabwitsa, imani muyeze nokha. Ikani zala ziwiri, mkombaphala ndi chapakati, pamkono mkati, m'munsi mwa chala chachikulu, mpaka mumve kuti thi, thi, thi. Musagwiritse ntchito chala chachikulu, chimenecho chili ndi kugunda kwakekwake. Werengani kwa masekondi 15, muchulukitse ndi 4. Mukapeza 28, ndiye kuti 112.

Chinthu chimodzi chimene ndimachita tsiku lililonse, ndipo ndikupemphani muyambe mawa: mukangodzuka, musanatsike pabedi, musanamwe tiyi, yezani kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu, mulembe m'kakope. Pakatha sabata mudziwa nambala yanu ya masiku onse. Yanga imakhala 62, 63. Chaka chatha nthawi ya dzinja ndinadzuka tsiku lina ili pa 81, koma ine osamva kalikonse, kungoti thupi linali lolemera pang'ono. Sindinatuluke. Pofika madzulo kuzizidwa kunayamba, mawa lake kukayezetsa anapeza malungo. Ndikanati ndipite kothamanga m'mawa umenewo, kaya zikanatha bwanji. Ndiye mukaona yakwera ndi 10 kapena kuposa popanda chifukwa chodziwika, tsiku limenelo pumani. Kutentha thupi, kusagona mokwanira, kuchepa kwa madzi m'thupi, khofi, mowa wa dzulo, nkhawa, kuchepa kwa magazi, zonsezi zimaukweza.

Nyengo nayonso. Ino ndi Okutobala, mukuliona dzuwa lake mu Lilongwe muno. Kukatentha, thupi limatumiza magazi ambiri kukhungu kuti lizizire, ndiye mtima umagunda kwambiri pa liwiro lomwe lija. Dzulo mwati munanyamuka cha m'ma 3 koloko masana. Ayi a Malume, nthawi imeneyo ngakhale ine sindingayerekeze. Tulukani kukangocha, cha m'ma 5 koloko n'theka, kapena madzulo dzuwa litapepa. Kabotolo ka madzi m'manja, malaya owala kuti akabaza ndi agalimoto akuoneni, muziyenda kudzanja lamanja la msewu moyang'anizana ndi magalimoto. Msewu wa ku Kanengo uja ausiyeni, utsi wa mathiraki ndi fumbi simungapume bwino, lowani m'tinjira ta m'kati mwa masekita.

Kayambidwe kake ndi aka. Masabata awiri oyamba, masiku atatu pa sabata, mphindi 20 zokha. Mphindi 5 zoyamba muziyenda mwachifatse kuti thupi litenthe, 10 zapakati ndawala, 5 zomaliza mwachifatse kachiwiri. Zomalizazo musazidumphe. Munthu wa mankhwala a BP akaima mwadzidzidzi, magazi amatsalira m'miyendo, BP imatsika, chizungulire n'kubwera. Kenako muziwonjezera mphindi 5 sabata iliyonse mpaka mufike 30, masiku asanu. Zikatero mwakwanitsa mphindi 150 pa sabata, zimene bungwe la WHO limanena kuti ndiye zochepetsetsa kwa munthu wamkulu. Limanenanso zolimbitsa minofu kawiri pa sabata, koma zimenezo tidzakambirana mukazolowera, ndipo sizifuna jimu, mpando wa pabalaza ndi khoma n'zokwanira. Zothamanga tidzaziganizira Khirisimasi ikadutsa, ndipo tidzayamba ndi mphindi imodzi kuthamanga, ziwiri kuyenda.

Anzanu aja akakusiyani m'mbuyo, asiyeni apite. Ena mwa iwo ayamba kalekale, ena ndi ana kwa inu. Mudzakumana pobwerera.

Tsopano izi, ndipo anti ngati mukumvetsera muzisunge. Mukamva kupweteka kapena kulemera pachifuwa ngati wina wakukhalirani, ululu ukupita kumkono wamanzere, kukhosi kapena kunsagwada, chizungulire, maso kuchita mdima, befu wosalingana ndi liwiro limene mukuyenda, kapena mtima ukugunda modumphadumpha, imani pomwepo, ngakhale wotchi ikuonetsa 90. Musati ndifike kaye kunyumba ndikagone. Imbani foni, akutengereni kuchipatala, ngati n'kotheka molunjika ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Pachifukwa chimenecho foni muziyenda nayo, ndipo masiku oyambawa musamayende nokha. Ndipo mundiyankhe zoona, a Malume, kodi dzulo munamvako china mwa zimenezi? Ngati munamva, musadikire tsiku la kiliniki, pitani mawa.

Loweruka ndibwera kumeneko m'mawa kwambiri, tidzayende limodzi mphindi 20 zoyambazo, ndidzakukonzereninso wotchiyo. Ndikukayikira kuti zaka zanu sanazilowetsemo, mwina ikuwerengabe za asuweni, ndiye malire ake onse ndi olakwika. Tidzaika zoti izinjenjemera mukapyola 120. Pakadali pano jambulani kapaketi ka mankhwala kaja munditumizire kumbali, osati pagulupu, dzina lioneke bwino. Anti, Loweruka musavutike n'kuphika zambiri, tiyi ndi mbatata basi. Ndisiyire pomwepa, magetsi abwera, ndikasite yunifomu ya ana asanazimenso.