Mwana wa zaka 12 akucheza ndi mlendo pa foni yanu, musathamangire chikwapu

Mayi wina wa ku Lilongwe anditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 12 amabwereka foni yawo madzulo kuti azifufuza za kusukulu, ndiye tsiku lina apeza kuti ali pa Facebook ndipo akucheza ndi munthu amene akuti ndi mtsikana wa Fomu 1. Munthuyo wafunsa kale sukulu yomwe mwanayo amaphunzira, nthawi yoweruka, komanso wapempha chithunzi. Funso lawo ndi loti, ndimulande foni nkumukwapula kuti asadzayambirenso, kapena nditani?

Mayi, musamukwapule. Ndikudziwa mtima wakwera, koma tamvani kaye mmene anthu onyengerera ana pa intaneti amachitira. Sayamba ndi zolaula ayi, amayamba ndi kumuyamikira mwana kuti ndiwe wokongola, ndiwe wanzeru, mawa amutumizira mayunitsi kapena kabandulo, kenako pamabwera mawu aja oti izi ndi zathu awiri usawauze amayi ako. Akangopeza chithunzi chimodzi chosakhala bwino basi nkhope imasintha, amayamba kuopseza kuti ukapanda kutumiza china ndichiponya ku gulupu ya kusukulu kwanu. Chida chawo chonse ndi mantha a mwanayo. Ndiye mwana amene akudziwa kuti kunyumba kukumudikira chikwapu saulula, amangopitiriza kutumiza, ndipo mukamulanda foni yanu akabwereka ya mnzake pobwera kusukulu, inu osadziwa kanthu. Chomwe mukufuna ndi choti zikamuvuta athamangire kwa inu, ngakhale atalakwitsa iyeyo.

Nkhani ina ndi yoti malamulo a Facebook, TikTok ngakhale WhatsApp amati munthu akhale ndi zaka 13 kupita mtsogolo. Ndiye akauntiyo anaitsegula ponama chaka chobadwa. Ine ndikanaitseka, koma pambuyo pa zomwe ndinene kumapetoku.

Tsono kumuphunzitsa. Kungomuuza kuti usamapereke zinsinsi sikuthandiza, kwa mwana chinsinsi ndi nkhani ya mnyamata wa mkalasi, dzina la sukulu saliona ngati chinthu chobisa. Muzitchule chimodzichimodzi: dzina lonse, sukulu ndi kalasi, nthawi yoweruka, njira yomwe amadutsa, nambala ya foni, komwe mumakhala ngakhale kungoti kuseri kwa chigayo, ndi zithunzi makamaka za yunifomu poti baji imaulula sukulu yokha. Mufunseni kuti, bambo wosamudziwa atakuimitsa pa depoti nkukufunsa kuti umaweruka nthawi yanji ungamuuze? Akati ayi, muuzeni kuti wa mu foni uja ndi yemweyo, kungoti waika chithunzi cha kamtsikana chomwe wangotola pa intaneti.

Komanso musaiwale kuti foniyo ndi yanu, muli Airtel Money kapena Mpamba. Ambiri timatuma ana kwa ejenti titawauza PIN, ndiye mwana amaiona ngati nambala wamba. Akuba aja oimba kuti ndine wa kukampani tikukonza laini yanu, kapena ndatumiza ndalama molakwika bwezani, akapeza mwana ndi amene wayankha inu muli kubafa amakhala apeza mwayi. Lamulo likhale lophweka, PIN sauza munthu, manambala 6 aja amabwera pa meseji kuchokera ku WhatsApp sawerengera munthu, olo anene kuti ndine amalume. Manambala amenewo ndi omwe amabera nawo akaunti nkuyamba kupempha ndalama kwa abale anu mdzina lanu. Lowaninso mu Settings ya WhatsApp, pa Account, muyatse two-step verification, yomwe ndi PIN ina yotetezera akauntiyo, nzosatenga nthawi.

Apa pokha mundikhululukire mayi, ife makolo ndi amene timaulula zambiri kuposa anawo. Tsiku lotsegulira sukulu mwana ali pa sitetasi ndi yunifomu pageti penipeni, zotsatira za mayeso zikatuluka tajambula pepala lonse ndi maina, ena mpaka chiphaso cha unzika kuchiponya mu gulupu ya anthu osawadziwa. Sitetasi imaonedwa ndi aliyense amene munasungirana naye nambala, wa kabaza, wamakala, mmisiri amene anabwera kamodzi chaka chatha. Mutha kusankha oona pa Privacy. Mwana sangamve za kubisa sukulu pomwe amayi ake akuilengeza okha.

Ena amafunsa za Family Link ya Google, app yoti makolo aziyang'anira foni ya mwana. Imathandiza mukadzamugulira foni yake, mumaona ma app omwe akuika ndi kumuikira nthawi, koma siikuwerengerani macheza ake. Panopa chachikulu foni izigwiritsidwa ntchito pabalaza, usiku izigona kuchipinda kwanu. Ndipo ngati mwanayo amakuopani kwambiri, pezani azakhali ake kapena mkulu wake amene amamasuka naye kuti azikhala pothawira.

Za munthu ujayo, musafufute kanthu. Jambulani masikirinishoti a macheza onse, dzina la akaunti, nambala ngati anapereka, ndi meseji ya mayunitsi ngati anatumizapo. Ngati anapempha chithunzi cha maliseche kapena kuti akumane, pitani nazo ku Victim Support Unit pa polisi yapafupi, muthanso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa zithunzi zolaula za ana komanso kuzunza munthu pa intaneti, ndipo chisinthireni malamulo aakulu a dziko mu 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Kubuloka ndi kutseka akaunti zibwere pambuyo. Inuyo musamulembere kumutukwana ngakhale zala zikuyabwa, akangodziwa kuti wagwidwa afufuta akauntiyo nkukatsegula ina ndi chithunzi cha kamtsikana kena.