Bambo akukodzabe magazi atamwa mankhwala a likodzo: tigulenso ena?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Chinamwali. Bambo awo a zaka 63, amene akhala akupha nsomba ku Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, chiyambire unyamata wawo, akukodza magazi kwa miyezi inayi tsopano. Anawagulira praziquantel, mankhwala a likodzo, kawiri. Magaziwo amaleka masiku angapo, kenako n'kuyambanso. Poti sakumva kuwawa paliponse, madalawo akukana zopita kuchipatala, ati likodzo anakula nalo. Funso la achemwaliwa ndi lakuti: agulenso mankhwala kachitatu?

Ayi achemwali, musagulenso. Ndalamayo ikhale ya thiransipoti, abambo akaonedwe ndi dokotala sabata yomwe ino.

Kuganizira likodzo simunalakwe. Munthu amene wakhala m'madzi a Chilwa zaka zonsezo, kapena wolima mpunga m'masikimu a Domasi ndi Likangala, n'kovuta kuti alizembe. Tizilombo take, totchedwa Schistosoma haematobium, timaswana mu nkhono za m'madzi odekha ndipo timalowa m'thupi poboola khungu. Tikakula timasanduka nyongolotsi zokhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo yaikazi imaikira mazira mazanamazana tsiku lililonse. Dzira lililonse lili ndi kaminga kunsonga. Ena amatuluka ndi mkodzo, n'chifukwa chake magazi a likodzo amakonda kubwera kumapeto munthu akamamaliza kukodza. Koma ambiri amakanirira m'khoma la chikhodzodzo, ndipo vuto lalikulu lagona pamenepo.

Praziquantel amapha nyongolotsi zikuluzikulu. Muyezo wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye munthu wolemera makilogalamu 60 amafunika mapiritsi anayi a mamiligalamu 600, atadya kaye. Ogula okha atha kumwa osakwana. Komabe ngakhale muyezo utakwana, mankhwalawa sachotsa mazira amene anakanirira kalekale, sapoletsanso zipsera zimene mazirawo anasiya. Pakapita zaka makumi angapo chikhodzodzo chimalimba, timapaipi tochokera ku impso timaphinjika mpaka impso n'kutupa, ndipo mwa anthu ena pamayamba khansa. Mu 1994 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika kachilombo ka likodzoka m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Ngati abambo amasutanso fodya, kaya wa m'paketi kaya chingambwe, chiopsezo chimakula.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi chomwecho chimene chikuwalimbitsa mtima abambo: kusamva ululu. Chotupa cha m'chikhodzodzo chimakonda kuyamba choncho, magazi opanda ululu, lero alipo mawa palibe. Akaleka munthu amati mankhwala agwira ntchito, pomwe akanaleka ngakhale osamwa kanthu. Mwana wa sukulu akakodza magazi kuno kwathu, kawirikawiri limakhala likodzo basi. Munthu wa zaka 63 sitimuweruza chimodzimodzi.

Sindikunena kuti abambo ali ndi khansa. Pa msinkhu wawo prostate, kachiwalo kamene kamazinga njira ya mkodzo kunsi kwa chikhodzodzo, imakula mwa amuna ambiri ndipo imatha kutulutsa magazi. Afunseni mwaulemu ngati mkodzo ukutuluka mofooka, ngati amachita kudikira kuti uyambe, komanso amadzuka kangati usiku. Pali miyala ya mu impso, ngakhale iyo kawirikawiri imabwera ndi ululu woopsa wa m'mbali mwa msana. Pali majeremusi wamba a m'njira ya mkodzo. Palinso matenda ena osowa amene amazemba madokotala nthawi yaitali, monga TB ya impso. Ambiri timadziwa TB ya m'mapapo yokha, koma imafikanso ku impso ndi kuchikhodzodzo. Mkodzo umaonetsa mafinya, munthu amamwa mankhwala opha majeremusi kambirimbiri osasintha, akuonda ndi kutuluka thukuta usiku. Imeneyi imachizika ndi mankhwala a TB a miyezi 6. Zonsezi sizingasiyanitsidwe ndi maso pakhomo.

Mukapita, tengani kabuku kawo ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene amwa, kuphatikizapo aspirin ngati amamwa, osabisanso za mankhwala achikuda. Adzayamba ndi kuyeza mkodzo. Mazira a likodzo amatuluka ambiri kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, ndiye mkodzo wa nthawi imeneyo ndi umene umathandiza. Apa ndikupempheni mugwire mfundo imodzi: mazira akapezeka, nkhani isathere pompo. Munthu atha kukhala ndi likodzo ndi chotupa nthawi imodzi, ndipo kwa msodzi wa ku Chilwa kupezeka ndi mazira si chodabwitsa. Nenani momveka kuti amwa kale praziquantel kawiri koma magazi sakuleka, ndipo pemphani kalata yopitira ku Zomba Central kuti akajambulidwe.

Kujambula kwa sikani sikupweteka, amangofuna chikhodzodzo chikhale chodzaza, ndiye amwe madzi ndipo asakodze asanalowe. Kumaonetsa ngati muli chotupa kapena mwala, ngati impso zatupa, ndiponso kukula kwa prostate. Adzatenganso magazi kuti aone ngati sanachepe m'thupi komanso ngati impso zikusefa bwino. Dokotala angafune kugwira prostate ndi chala kudzera kumalo ochitira chimbudzi. Ndi pano pamene azibambo ambiri amabwerera, choncho ndi bwino adziwiretu. Ndi za kanthawi kochepa, ndipo atha kupempha kuti awaone dokotala wamwamuna.

Sikani ikaonetsa chokayikitsa, kapena ikapanda kuonetsa kanthu koma magazi akupitirira, chotsatira ndi cystoscopy: amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera m'njira ya mkodzo n'kuona m'kati mwa chikhodzodzo, ndi kutapa kanyama kokayeza. Pa zimenezi angakutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Chotupa chikapezeka chisanalowerere m'khoma, amatha kuchipala kudzera m'njira yomweyo osang'amba pamimba. Chikalowerera, pamafunika opaleshoni yaikulu yochotsa chikhodzodzo chonse, ndipo chikafalikira, chithandizo chimangokhala chochepetsa ululu. Kusiyana kwa zitatuzi nthawi zambiri kumakhala miyezi imene munthu anakhala pakhomo akudikira. Ikakhala prostate, pali mapiritsi ngati tamsulosin ndi finasteride amene amathandiza ambiri osafika pa opaleshoni.

Ndikudziwa kuti mwana wamkazi kukamba ndi bambo ake nkhani ya kumaso n'kovuta. Musalimbane nawo nokha. Pezani mwamuna amene amamumvera, kaya achimwene awo, kaya mkulu wa kumpingo kapena kumzikiti, awalankhule ndiponso awaperekeze. Musayambe ndi mawu akuti khansa. Auzeni kuti mankhwala alephera kawiri ndipo mukufuna mudziwe chifukwa chake.

Koma akayamba kutulutsa magazi oundana, akalephereratu kukodza mimba n'kutupa kumunsi, akatentha thupi ndi kunjenjemera, kapena akamachita chizungulire ndi wefuwefu, musadikire kuche kapena kuti Lolemba lifike. Pezani galimoto nthawi yomweyo mupite nawo ku Zomba Central.