Chinyontho pansi pa labala wa m'bodi ya pikiapu

Bambo ena a ku Mufakose, mu Harare, atilembera imelo. Ali ndi Isuzu KB imene amanyamulira katundu pakati pa msika wa Mbare Musika ndi kumunda kwawo, ndipo m'bodi anayalamo labala wokhuthala, wodula ku lamba wakale wa makina onyamulira miyala kumgodi. Atatukula labalayo anapeza pansi pali nyowe, penti atatupa, madontho a dzimbiri ali mbwee cha kutsogolo. Akufunsa ngati achotseretu labalayo, kapena amate m'mbali mwake ndi silikoni kuti madzi asamalowe.

Zikomo bambo. Za silikoni zisiyeni. Madzi adzapezabe polowera, ndipo akalowa sadzakhalanso ndi potulukira. Labalayo musamutaye, chifukwa amateteza chitsulo ku zigubu ndi makasu, koma madzi olowa pansi pake azituluka msanga, ndipo penti wa pansipo akhale wamphumphu.

Mwaona kuti dzimbiri layambira kutsogolo? Pikiapu ikakhala yopanda katundu, kumbuyo kumakwera pang'ono kuposa kutsogolo, ndiye madzi a mvula amatsetserekera ku khoma loyandikana ndi kokhala dalaivala. Kumeneko opanga galimoto amasiya timabowo kapena kampata kotulukira madzi. Muno mu Harare maluwa a jakaranda amayoyoka mu Okutobala, n'kusakanikirana ndi fumbi ndi makoko a chimanga, timabowo tija n'kutsekeka. Mvula ikayamba mu Novembala imapeza njira yatsekedwa kale, ndipo mpaka Malichi pansi pa labala sipauma. Masana dzuwa likawomba labala wakudayo, pansipo pamakhala ngati m'poto wovundikira, potentha ndi ponyowa, ndipo dzimbiri limafulumira.

Komatu madzi okha sadya msanga chitsulo chopakidwa penti. Amawatsegulira njira ndi mchenga. Timchenga tikalowa pansi pa labala, galimoto n'kumagunda m'maenje a mumsewu, labala amasuntha pang'onopang'ono n'kumapala penti ngati sandipepa, makamaka pamwamba pa mizere yotukuka ya chitsulo cha m'bodi. Kenaka pabwere feteleza. Thumba la AN kapena Compound D likabooka, timibulu tingapo tikagwera pansipo, timayamwa chinyontho cha mumpweya n'kusanduka madzi amchere amene amadya chitsulo mofulumira kwambiri. Manyowa a nkhuku nawonso ndi chimodzimodzi. Inu mumapita kumunda, ndiye tikukayikira kwambiri fetelezayu.

Konzani motere. Sankhani masiku a dzuwa, chotsani labala, tsukani bodi ndi sopo ndi madzi ambiri, tokosani timabowo ndi waya mpaka muone madzi akudontha pansi pa galimoto. Pakauma, tengani sikuludiraiva mudine paliponse pamene penti watupa. Pakakhala polimba, dzimbirilo ndi lapamwamba chabe. Sikuludiraiva ikalowa kapena chitsulo chikamanyenyeka, pamenepo mpofunika kudula n'kuwotcherera chigamba, ntchito imene amisiri a ku Magaba, ku Mbare, amaidziwa. Suzumiraninso kunsi kwa bodi, pamene mipiringidzo yake yakhalira pa chasisi, chifukwa matope amakanirira pamenepo.

Dzimbiri lapamwamba lipaleni ndi burashi ya waya, kenaka sandipepa wa nambala 80 mpaka chitsulo chiwale, ndipo pitirirani masentimita awiri kapena atatu kulowa mu penti wabwino, popeza dzimbiri limakwawa pansi pa penti pamene maso saona. Salazani m'mphepete ndi nambala 180. M'timaenje mmene sandipepa safika pakani rust converter, mankhwala oletsa dzimbiri kupitirira, mudikire nthawi imene yalembedwa pa botolo. Pukutani fumbi ndi mafuta, pakani primer, penti woyambira pa chitsulo, kawiri. Wa epoxy ndiye amatseka madzi bwino. Red oxide ndi wotsika mtengo ndipo amagwira ntchito, koma musamusiye yekha, pamafunika penti pamwamba pake, kawirinso. Apa mpamene ambiri amalakwitsa, amabwezera labala m'mawa mwake penti ali wofewa, labalayo n'kumatirira. Dikirani sabata yathunthu.

Wina akuuzani kuti mungothira oyilo wakale wa injini pansipo. Musatero. Oyilo amafewetsa labala wa mitundu yambiri, amagwira mchenga uja, ndipo labala amayamba kuterereka ndi katundu yemwe.

Tsono labala weniweniyo. Lamba wa kumgodi ndi wosalala kunsi, amagona kwathithithi pa chitsulo. Ogulitsidwa m'masitolo ena amakhala ndi timabampu kunsi, mpweya umadutsa, ndipo ngati mukugula watsopano funani wotero. Amene muli nayeyo mudulenso kuti asiye mpata wa sentimita imodzi kapena awiri m'mbali zonse, ndipo pa timabowo ta madzi mumudule kuti pakhale poyera. Chinanso, muduleni pakati akhale zidutswa ziwiri. Labala wokhuthala mamilimita 10 wokwana bodi ya double cab, pikiapu ya zitseko zinayi, amalemera pafupifupi makilogalamu 30, ndipo chinthu cholemera chotero munthu amachita nacho ulesi kuchitukula. Zidutswa ziwiri mungazichotse nokha. Musamukhomere ndi mabawuti, bowo lililonse latsopano ndi poyambira dzimbiri.

Nthawi ya mvula muzimutukula kamodzi pa sabata ziwiri, musese, muyanike labala ndi bodi kwa maola angapo. Mukanyamula feteleza, manyowa kapena mchenga wonyowa, tsukani tsiku lomwelo, ndipo ndi bwino kuyala tenti kaye musanakweze matumbawo. M'chilimwe kamodzi pa mwezi n'kokwanira, koma mu Juni ndi Julaye musaiwale, mame a usiku amanyowetsa chitsulo chozizira ngakhale kulibe mvula. Poimika galimoto pamalo otsetsereka, kumbuyo kuyang'ane kumunsi kuti madzi atulukire kunsi kwa chitseko cha bodi. Kanope, denga lovundikira bodi, imachepetsa madzi olowa, koma ikamadontha m'mbali mwake chinyontho chimachedwa kuuma, ndiye muzitsegula masiku a dzuwa.

Ngati thumba likulola, pali ntchito ija amati rubberising, yopopera polyurethane wokhuthala mamilimita atatu kapena kuposerapo amene amamatirira ku chitsulo osasiya mpata. Musanapereke ndalama afunseni kuti dzimbiri alichotsa bwanji, ndiponso ngati timabowo ta madzi atisiya totsegula. Akapopera pamwamba pa dzimbiri, limapitiriza kudya kunsi inu osaona.