Kuchoka ku Zomba kukafika ku London ndi maola angati?

Achimwene, mwafunsa kuti achemwali anu akanyamuka kuno ku Zomba akafika liti ku London, poti maola a pa tikiti akukusokonezani. Kuchoka pa bwalo la ndege la ku Chileka kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,200 mukawongola. Ndege zikuluzikulu zimathamanga makilomita pafupifupi 850 pa ola, ndiye akanakhala maola 10. Koma yachindunji kulibe, ayenera kusintha ndege panjira.

Akadzera ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines, ndi maola pafupifupi 4 kukafika kumeneko ndege ikapanda kuima panjira, kenako ena pafupifupi 8 mpaka pa bwalo la ndege la Heathrow ku London. Ya ku Johannesburg ndi yozungulira: amayamba alowera kummwera maola awiri ndi theka, kenako n'kubwerera kumpoto maola 11, usiku wonse ali pampando. Ine ndingasankhe ya ku Addis, pokhapokha mtengo utasiyana kwambiri. Mukaonjezera kudikira ndege yachiwiri, ulendowu umadya pafupifupi tsiku lathunthu.

Za tikitizo, nthawi iliyonse yolembedwapo ndi ya mzinda umenewo, si ya kwathu kuno ayi. Addis ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. London ili m'mbuyo ndi maola awiri, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala ndi ola limodzi lokha.

Tsiku la ulendo asadalire minibasi ya pa depoti yodikira kudzaza, kondakitala akungoti "mmodzi yekha". Ndi zikwamazo, apeze galimoto yowafikitsa pa Chileka patatsala maola atatu kuti ndege inyamuke.