Mafunso a owerenga: mitala m'Chisilamu

FUNSO: Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Luchenza. Amuna anga ndi mlonda wa usiku pa esiteti ina ya tiyi. Ndamva kwa apongozi kuti akufuna kumanga ndowa (ukwati wa Chisilamu) ndi mayi wina wa ku Mulanje. Nditawafunsa anangoti, "Qur'an imalola anayi." Kodi nzoona? Angakwatire ine osavomera? Nanga akakwatira, changa n'chiyani?

YANKHO: Mayi, amuna anu anena zoona koma ndimeyo aidula pakati. Surah An-Nisa, ndime 3, imalola mwamuna kukwatira akazi awiri, atatu kapena anayi, ndipo pomwepo imati ngati mukuopa kuti simuchita chilungamo, kwatirani mmodzi. Mitala ndi yololedwa, koma palibe Msilamu wokakamizidwa kuichita. Ndimeyi idatsika pambuyo pa nkhondo ya Uhud ya m'chaka cha 625, pomwe Asilamu pafupifupi 70 adaphedwa n'kusiya amasiye ndi ana. N'chifukwa chake imayamba ndi nkhani ya ana amasiye. Idabweranso kudzaika malire, poti Aluya ankakwatira mopanda chiwerengero. Ghailan ibn Salama adalowa Chisilamu ali ndi akazi 10, ndipo Mtumiki Muhammad (SAW) adamulamula kuti atsale ndi anayi. Mtumikiyo adakhala ndi mkazi wake woyamba Khadija yekha zaka pafupifupi 25, mpaka mayiyo adamwalira.

Chilungamo chomwe ndime 3 ikunenachi n'chowerengeka, ndipo chimayambira pa masiku. Akagona kwanu usiku umodzi, kwinako umodzi. Akagona uwiri, kwinako uwiri. Mkazi akadwala kapena akakhala kumwezi, tsiku lake silifa. Kwa amuna anu pali kasinthidwe: munthu wogwira ntchito usiku, monga mlonda, gawo lake limawerengedwa masana. Ndiye asadzakuuzeni kuti za kugawa masiku siziwakhudza chifukwa usiku amakhala pageti. Akangokwatira kumene, mkwatibwi amapatsidwa masiku 7 otsatizana ngati ndi namwali, kapena masiku 3 ngati adakwatiwapo kale, kenako kusinthana kumayamba. Mkazi angathe kupereka tsiku lake kwa mnzake mwakufuna kwake, monga Sawda adaperekera lake kwa Aisha, onse akazi a Mtumiki, koma mwamuna sangalande. Pa ulendo, Mtumiki ankachita mayere kuti aone wopita naye.

Chachiwiri ndi malo ogona. Mkazi aliyense ali ndi ufulu wa nyumba yakeyake, ndipo sangaikidwe denga limodzi ndi mkazi mnzake iye asanavomere. Chakudya, zovala ndi zofunika pakhomo zimachokera kwa mwamuna, kuwiri konse.

Kwathu kuno, kumene mabanja ambiri ndi a chikamwini, apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera kawirikawiri. Munda ndi wa kwanu, mwalima limodzi, chimanga chalowa m'nyumba. Kenako matumba awiri akwezedwa panjinga kupita ku Mulanje. Shariya, lamulo la Chisilamu, salola zimenezo popanda inu kuvomera. Chuma cha mkazi ndi chake: mahari anu (mphatso yomwe mwamuna amapereka kwa mkazi pomanga ndowa), gawo lanu la zokolola, ndalama za geni yanu ya nanazi kapena nthochi. Mwamuna woti adyetse khomo lachiwiri ndi thukuta la khomo loyamba sanakwanitse mitala. Musanayambe za nsanje, khalani pansi ndi ankhoswe muwerenge malipiro a pamwezi a amuna anu, muchotse ufa, sopo, zofunika kusukulu za ana atatuwo, feteleza, ndi ndalama ya basi yopita ndi kubwera pakati pa makomo awiriwo. Zotsalazo ndi zomwe zingayankhe funso lanu kuposa mkangano.

Za mumtima, ndime 129 ya Surah yomweyo imanena mosabisa kuti simungathe kulinganiza pakati pa akazi ngakhale mutafunitsitsa, choncho musapendekere mbali imodzi n'kumusiya winayo m'malere. Akatswiri ambiri amati izi zikunena chikondi, chomwe munthu sangachipime. Masiku ndi ndalama zimapimika, ndipo hadith (mawu a Mtumiki) imachenjeza kuti wa akazi awiri wokondera mmodzi adzabwera pa tsiku la chiweruzo mbali imodzi ya thupi itapendekeka.

Tsopano za kuvomera kwanu. Ma ulama (akatswiri a Chisilamu) ambiri, kuphatikizapo a chiphunzitso cha Shafi'i omwe Asilamu ambiri m'Malawi muno amatsata, amati ndowa yachiwiri imamangika ngakhale mkazi woyamba sanalole. Koma a Shafi'i omwewo amaphunzitsa kuti ndi bwino kukhala ndi mkazi mmodzi ngati palibe chosowa chenicheni. A chiphunzitso china cha Hanbali amati mkazi akaika pangano pomanga ndowa kuti asadzamutengere mnzake, mwamuna n'kuswa, mkaziyo ali ndi ufulu wothetsa banja. Mayiko enanso adalimbitsa: Tunisia idaletsa mitala mu 1956, ndipo ku Morocco kuyambira 2004 mwamuna ayenera kupeza chilolezo cha woweruza. Kumva nkhani yotere kwa apongozi m'malo mwa mwini wake, ife tikuona kuti ndi chiyambi choipa. Ndowa imafuna wali (womuimira mkazi wa kwawo), mboni ziwiri ndi mahari, ndipo imalengezedwa. Ya m'chibisira imadzaululika pamaliro, ana a uku ndi uku akuonana koyamba pamanda.

Funsaninso kuti ukwati wanu udalembedwa motani. Lamulo la maukwati la 2015 limaletsa mitala kwa omwe adamanga ukwati wa boma, uja wa kwa DC, ndipo kukwatiranso ukwatiwo ulipo ndi mlandu. Wokwatiwayo asakhale wochepera zaka 18.

Pa chuma cha masiye, Shariya imapatsa akazi gawo limodzi mwa magawo 8 ngati mwamuna wasiya ana, kapena limodzi mwa magawo 4 ngati sanasiye mwana. Gawolo silichulukitsidwa, akaziwo amagawana. Pa K800,000 yotsala ngongole zitabwezedwa, mkazi mmodzi akadalandira K100,000. Akakhala awiri, aliyense K50,000. Ana a makomo onse amalowa m'chumacho pa lamulo limodzi, palibe a kwa mkazi wamkulu kapena wamng'ono.

Zikadzavuta, ndime 35 ya Surah An-Nisa imati pakhale mkhalapakati wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Mashehe a pamzikiti wanu aitanidwe pomwepo. Amuna anu akapitiriza kukumanani masiku kapena chakudya, muli ndi ufulu wopempha kuti banja lithe.

FUNSO: Ndine bambo wa ku Limbuli. Mlamu wanga, mng'ono wa akazi anga, adafedwa ndipo ana ake ndikulera ndine. Ndingamutenge kukhala mkazi wachiwiri?

YANKHO: Ayi, bambo. Ndime 23 ya Surah An-Nisa imaletsa kuphatikiza akazi awiri apachibale nthawi imodzi, ndipo hadith imawonjezera kuti mkazi saphatikizidwa ndi azakhali ake kapena mchemwali wa mayi ake. Ngakhale akazi anu atavomera, ndowayo simangika. Ingatheke pokhapokha akazi anu atamwalira, kapena mutasiyana ndipo eda yawo (nthawi yodikira banja likatha) yatha. Anawo pitirizani kuwalera, sizilira ndowa.